Wotchi ya muvi umodzi

Amuna anga atapuma pa uphunzitsi anagwidwa ndi matenda a mawotchi. Akapita ku msika wa ku Kasakula, m'malo mwa ndiwo ankabwera ndi mawotchi akufa m'thumba, n'kumawaphwasula pakhonde tsiku lonse. Anapanga ina yoyenda chobwerera, ina yokhala ndi chivindikiro cha botolo. Ine zinkandinyansa, ndipo sindinkabisa.

Kudimba kwathu, kumunsi kwa phiri, mabanja asanu timathirira ndi ngalande imodzi. Madzi akachepa mu Okutobala timasinthana, ndipo chaka chilichonse pankabuka mkangano. Wina foni yoonera nthawi yatha moto, wina akuti nthawi yake sinakwane. Ndiye bambowa anatenga wotchi ya pamkono, n'kuchotsa manambala onse ndi muvi wautali. Unatsala waufupi, wozungulira kamodzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Nkhope yake anaigawa zigawo zisanu n'kupaka mitundu isanu. Muvi ukalowa mumtundu wako, madzi ndi ako. Chigawo chathu chinali chofiira, chifukwa anaba kyutekisi wanga wopaka m'zikhadabo.

Anthu anaikonda. Koma chaka chimenecho anyezi wanga anayamba kufota nsonga, ndipo ndikadandaula, bambo ankangoti dzuwa lakula.

Tsiku lina mwini dimba lakumtunda, munthu wa mawu ambiri, anatisonkhanitsa tonse pamphambano ya ngalande. Ananena kuti nthawi yake ikumatha msanga, kuti aphunzitsi akudzipatsa madzi ambiri, ndipo nkhaniyi aitengera kwa akulu a mpingo. Amuna anga alibe ng'ombe kapena galimoto, chomwe ali nacho ndi dzina labwino basi.

Mkulu wakumtundayo anauza amuna anga kuti avule wotchiyo. Ndinaona zala zawo zikulimbana ndi lamba, ndipo pamenepo ndinachita mantha enieni, poti munthu wosalakwa savutika choncho ndi lamba. Mkuluyo anathyola kaudzu kofanana ndi chigawo chake, n'kuyamba kuyeza zinazo. Tonse tinaunjikana mitu. Chachiwiri chinafanana. Chachitatu chimodzimodzi. Atafika pa chofiira, kaudzu kanapitirira. Chigawo chathu chinali chachifupi kuposa zonse, ndipo chomwe chinachoka kwa ife chinawonjezedwa pa choyera.

Choyera chinali cha mayi wamasiye wa dimba lakumapeto, komwe madzi amafika atatopa kale.

Kenaka ndinaona azimayi awiri akuyang'anana, wina n'kuphimba pakamwa ndi nsalu. Ndinadziwa zomwe zikanenedwe kumjigo mawa lake: mwamuna wa mwini kumana mkazi wake madzi n'kupatsa wamasiye, pali chiyani pamenepo? Wamasiye uja anangoyang'ana pansi, khasu lili m'manja. Ine ndinapsa mtima kwambiri. Masabata onse aja ndinkasenza ndowa kuchokera kumtsinje, msana ukuwawa, iwo akundiuza za dzuwa.

Mkulu uja anatembenukira kwa ine, akumwetulira pang'ono, n'kufunsa ngati ndinkadziwa zimenezi.

“Kyutekisi ameneyo ndi wanga,” ndinatero. “Ndinawauza ndine kuti atero. Madzi ndi athu, tapatsa amene tafuna. Inu chanu chachepa pati?”

Mkuluyo anataya kaudzu kaja n'kubweza wotchi, anthu n'kumwazikana pang'onopang'ono. Ndinali nditanama masana dzuwa likuswa mtengo, ine mayi wa Chigwirizano cha amayi kumpingo.

Ine ndi amuna anga tinayamba kukwera phiri. Iwo anali kumbuyo, ndinkamva kupuma kwawo. Tili pafupi ndi nyumba anayamba kufotokoza kuti madzi amatenga nthawi kuti afike kumapeto, kuti wamasiye uja akulera adzukulu atatu yekha. Zonsezo ndinkazidziwa. Ndinaima n'kuwauza kuti chondipweteka si anyezi ayi.

“Bwanji simunandifunse?”

Anayang'ana wotchi yawo ija, kenaka ine.

“Mukanavomera, mayi?”

Ndinafuna kunena kuti inde, koma bodza limodzi linali litakwana tsiku limenelo. Ndinalowa m'nyumba, n'kutenga ndowa, n'kutsikanso kumtsinje.