Mbalame Imene Inasunga Mluzu wa Layitoni

Senderani kuno, inu adzukulu, makutu anga anatha ndipo sindibwereza kawiri. Fungo la mawere onyowa losakanikirana ndi zitosi likandipeza, ine ndimabwerera ku Mpopoma, lokeshoni ya dziko la eni kumene tinkakhala, kuseri kwa nyumba yathu, kumene bambo anamanga khola la waya la timbalame tawo. Tinali tonga mpheta, tamilomo yofiira, totha kubisala m'dzanja la mwana. Bambo ankagwira ntchito ku fakitale ku Donnington, koma mtima wawo unkatsala m'kholamo.

Wowathandiza anali achimwene anga a Layitoni. Iwo anali ndi kamluzu kawo kofikira pa geti, kokwera kenako n'kugwa ngati munthu wofunsa funso. Kunali kamwana kena ka mbalame kamene makolo ake anakataya m'chisa. Achimwene anakalera okha, kukadyetsa phala ndi kamtengo ka machesi, uku akukaimbira mluzu womwewo.

Chaka chimenecho nkhondo yomenyera ufulu inali itakula kutchire, ndipo anyamata ankangosowa m'malokeshoni, kukalowa nkhondoyo mozemba. Tsiku lina m'nyengo yozizira achimwene anapita kukagula buledi, osabweranso. Bambo anatilangiza kuti aliyense wofunsa tizimuuza kuti anapita kumudzi ku Dedza. Pasanapite nthawi nthenda inalowa m'khola. M'mawa uliwonse ndinkatola timitembo tozizira, topepuka ngati masamba, mpaka kanatsala kamodzi kokha, kolera achimwene kaja.

Ndiye masana ena, dzuwa lili pamutu, msewu uli zii, tinamva mluzu wa achimwene. Mayi anataya mbale n'kuthamangira ku geti. Kunalibe munthu, fumbi lokha likuzungulira. Mluzu unamvekanso, koma kumbuyo kwathu. Tinapita kuseri mwakachetechete. Kambalame kanali pa kamtengo kake, kakutiyang'ana ndi diso limodzi, pakhosi pakugunda.

Kuyambira pamenepo mayi anakalowetsa m'nyumba, m'kakhola kakang'ono, pafupi ndi bedi la achimwene. Ntchito yokasamala inali yanga: madzi atsopano, mawere opeta bwino, makoko a mazira osinja, ndi nsalu yofunditsa kukazizira. Ndinkachita mantha kulowamo ndekha. Chipinda chinkanunkhabe sopo wa achimwene, ndipo kambalame kankadikira nditembenuke kaye, kenako n'kuimba kumsana kwanga. MaNcube, mayi wa nyumba yoyandikana nafe, anasiya kubwera kudzapempha mchere. Anangonena pa mpanda kuti, "Makhelwane, aneba anga, mwana wanu akulankhula m'nyumbamo. Kaya ali moyo, kaya ayi, ine sindilowamo."

Koma kambalame kanayamba kudzisosola nthenga za pachifuwa mpaka khungu kuonekera. Kudya kanachepetsa. Bambo anakayang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti mtundu umenewu sukhala wokha, kakapanda mnzake kafa mvula isanagwe.

"Mukakapatsa mkazi kaiwala mwana wanga," anatero mayi. "Kayamba kulira ngati mbalame."

"Nanga kakafa, make Layitoni, kadzaimba chiyani?"

"Inu mbalame mumazidziwa. Mwana simunamudziwe, mpaka anakuchokerani pakhomo muli maso."

Loweruka lotsatira bambo anabwera ndi kathumba ka pepala kobooleza, m'kati muli kambalame kakakazi kotuwa kochokera kwa mnzawo wa ku lokeshoni ya Njube. Anazibwezera zonse ziwiri ku khola lalikulu, n'kuikamo udzu wouma ndi ulusi wa chiguduli.

Zimene mayi ankaopa zinachitika. Kambalame kanamera nthenga, kanatanganidwa ndi kumanga chisa, ndipo mluzu sitinaumvenso. Mayi anasiya kulankhula ndi bambo. Chakudya ankangowaikira patebulo n'kutuluka. Nyumba inakhala ngati ya maliro opanda mtembo, ndipo ine ndinkayenda chonyang'ama. Mazira anaswa, tiana tinatuluka tamaliseche, tinakula, tinayamba kuuluka m'khola.

Mvula yoyamba itagwa, ine ndi mayi tinali kuanula zovala. Kuseri kunamveka mluzu, wosalongosoka, ngati wa mwana wotuluka mano. Wina unayankha. Kenako wina. Tiana tonse tatimuna tinali pa waya, tikuimba mluzu wa achimwene, kena kutsogola, kena kutsalira, ngati anyamata ambiri afika pa geti nthawi imodzi. Mayi anakhala pansi m'matope, zovala zili m'manja, mvula ikuwakhuthukira. Bambo atafika kuchokera ku ntchito, mayi anangoti, "Bambo a Layitoni, bwerani mudzamve."

Ine pa msinkhu umenewo ndinkakhulupirira kuti mzimu wa achimwene wagawikana m'timbalame. Ndinadzamva nditakula kuti katambala kamaphunzira nyimbo kwa bambo wake, ndipo kathu kaja kankaimbira ana ake chapansipansi pa chisa, ife osamva. Bambo ankadziwa zimenezi, koma anaopa kulonjeza mayi chinthu chimene mwina, ngati achimwene, sichikanabwera.

Nkhondo itatha anyamata ena anabwerera, ena anawaika ku kampu ya omenya nkhondo ku Entumbane. Bambo anapita kukafunsa kumeneko, palibe anadziwa dzina la Layitoni. MaNcube anasamukira kwawo ku Tsholotsho. Bambo anamwalira ndi chifuwa ku chipatala cha Thorngrove. Mayi anakhala ndi khola lija mpaka maso awo anachita khungu, ndipo sanalole kugulitsa ngakhale katambala kamodzi.