Moto wa a Orval pa Manda

Ku Brandvold kuno munthu akamwalira pakati pa Novembala ndi Epulo sitimuika m'manda. Nthaka imakhala itauma gwa ndi chisanu, ndipo piki ikamenya imangolira n'kudumpha. Timachita mwambo wonse m'tchalitchi, timaimba, timalira, timadya mabanzi ndi khofi m'chipinda chapansi, kenako bokosi limapita kukanyumba kamiyala kamene kali pakona pa manda. Limakhala momwemo mpaka Meyi. Ine ndaphika khofi wa pamaliro m'tauni muno kuyambira ndili mtsikana, ndipo sindinamvepo munthu akudabwa nazo zimenezi. Chimene chinatisiya tonse kukamwa kuli yasa n'chakuti a Orval Rustad, okumba manda athu, anakana kudikira Meyi.

Agogo awo a Orval anachokera ku Norway, monganso agogo athu tonse. Atawoloka nyanja anafika kuno ndi njanji, pa nthawi imene boma linkagawa malo a North Dakota, amene linalanda kwa eni ake, kwa aliyense wolonjeza kulima. Anapeza dziko lathyathyathya lopanda mtengo ndi umodzi womwe, mphepo yokhayokha. Tirigu anawakomera, tauni inakula. Mayi anga ankati kunali mabanki awiri, hotelo ndi matchalitchi atatu, ndipo Loweruka munkasowa poimika ngolo. Makina atabwera, munda umene unkadyetsa mabanja khumi unayamba kufuna munthu mmodzi. Ana athu anapita ku Fargo ndi ku Minneapolis, sukulu inatsekedwa, sitima inasiya kuima. Tinatsala nkhalamba zokhazokha, tikumayang'anana kuti wotsatira ndi ndani.

A Orval ankaseka nazo. Ankaloza miyala ya pamanda ndi fosholo n'kunena kuti, "Tauni yanga ndiye ikukula. Kwa ine kuno palibe amene amasamuka."

Anali munthu wamtali, wowonda, wowerama msana, wosakonda kulankhula. Ntchitoyi anaitenga kwa bambo awo, ndipo ankakumba ndi manja pamene matauni ena onse anali atayamba kale kuitana katapila, chimakina chokumbira. Katapila ankadana naye koopsa. Ankati amakumba ngati galu wofukula fupa, ndipo munthu amene wakhala zaka makumi asanu ndi atatu akulima nthaka imeneyi sangaponyedwe m'dzenje lotero. Akazi awo, a Arlys, ankaliza limba m'tchalitchi. Anali aafupi, olongolola, ndipo ankalankhulira onse awiri. Mulungu sanawapatse mphatso, choncho zaka zonsezo anangokhala awiriwiri. Masana a Arlys ankapita kumanda ndi khofi, n'kukhala m'mphepete mwa dzenje miyendo ili lendelende, akuwauza amuna awo nkhani za m'tauni, iwo ali pansi akuponya dothi.

Malamulo a a Orval anali awiri, ndipo onse anawalandira kwa bambo awo. Loyamba, m'chisanu sakumba. Lachiwiri, Meyi akafika, woyamba kumwalira ndiye woyamba kuikidwa, kaya ndi mwini banki kaya ndi chidakwa. Ofedwa akawadandaulira kuti sakufuna m'bale wawo agone m'kanyumba kaja, yankho linali limodzi. Ankati, "Akufa sazizidwa." Anandiuza inenso mawu omwewo mwamuna wanga atamwalira, ndipo ndinatha chaka chathunthu osawapatsa moni.

Chisanu cha chaka chimene ndikunenacho chinayamba msanga. Mu Novembala anamwalira Clifford Kittelson, mwamuna wa Verna, mnzanga wa m'khitchini ya tchalitchi. Verna ndi munthu wa pakamwa ngati lumo, ndipo ine ndi iye takangana pa china chilichonse kuyambira pa mchere mpaka pa abusa. Koma tsiku limenelo anapempha modzichepetsa. Nthaka inali itangoyamba kuuma pamwamba pokha, ndipo Clifford anali munthu woopa malo otsekeka. A Orval anakana, Clifford analowa m'kanyumba. Mu Disembala anamutsatira Emil Dahl, bambo wokalamba wosakwatira, wopanda m'bale aliyense, amene anapezeka atafera pampando patapita masiku. Mu Januwale a Arlys anagwa m'khitchini mwawo akukanda ufa wa buledi, osadzukanso.

Titatuluka m'tchalitchi, bokosi la a Arlys linalowa m'kanyumba monga mwa nthawi zonse. Ndinamva a Orval akuligwiragwira n'kunong'ona kuti, "Masiku awiri okha, mayi." Ndinaganiza kuti ndi chisoni chikuwalankhulitsa.

M'mawa mwake kumanda kunkafuka utsi. Ndinauona ndili pawindo, wakuda bii pamwamba pa chipale chofewa. Ndinathira khofi m'fulasiki, n'kuvala zonse zimene ndili nazo, n'kupita. Kunja kunkazizira moti mpweya unkaluma m'mphuno. Ndinawapeza atakolopa chipale pamalo a banja lawo, atayala udzu ndi malasha, n'kuvundikira motowo ndi thanki yachitsulo yodula pakati.

"A Orval, mukuchita chiyani?"

"Ndikufewetsa nthaka. Ukayaka lero ndi usiku wonse, mawa ndikumba. Ndikafika polimba ndisonkhanso."

"Mu Januwale? Inu nomwe?"

Analandira khofi osandiyang'ana. Milomo yawo inali yobiriwira.

"Glenda, dokotala uja wa ku Fargo anandiuza kuti mtima wanga watha. Anati ndikaona tsekwe akubwerera chisanu chikatha ndiye kuti ndachita mwayi. Meyi ali kutali. Ndikapita ine, Arlys adzam'kumbira ndani?"

Yankho tonse tinkalidziwa. M'tauni yonse munalibe wina wogwira fosholo. Akapita iwo, kudzabwera katapila.

Utsi umenewo sindinauone ndekha. Pasanapite nthawi galimoto ya Verna inaima pageti. Anatsika atavala chikhoti cha malemu mwamuna wake, akumira m'chipale mpaka m'mawondo, nkhope ili gwaa.

"Ndimayesa anthu akunama," anatero. "Kani n'zoona. Kani nthaka ya Januwale imakumbika."

"Verna, si nthawi yake ino," ndinatero ine.

"Iwe khala chete, sindikulankhula nawe. Inu a Orval, ndinakugwadirani kapena sindinakugwadireni? Munandiuza chiyani? Bwerezani timve. Akufa amatani?"

A Orval anangoyang'ana thanki ija.

"Wanga ndiye sazizidwa, eti? Wanu yekha ndiye ali ndi khungu? Ndimadutsa pamsewu apa tsiku ndi tsiku, ndimaona kanyumbako, ndimadziwa kuti Clifford ali mkati pashelefu ngati thumba la mbatata. Ndapirira chifukwa ndimati ndi lamulo la aliyense. Ndiye lero chaona mnzako chafika pa inu, lamulo latha?"

Ndinakwiya naye kwambiri Verna tsiku limenelo, koma bodza sananene. Ine ndinkadikira kuti a Orval amuuza za mtima wawo, kapena apepesa, nkhani n'kuthera pomwepo. Iwo ayi. Anathira khofi wotsala pansi, n'kukoleka tcheni pathanki, n'kuyamba kuikoka.

"Mukupita nayo kuti?" anafunsa Verna.

"Kwa Clifford. Woyamba ndi iyeyo."

Ine ndi Verna tinaima tikuonerera munthu wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi atatu akukoka chitsulo chotentha pachipale, akusiya moto umene anasonkhera mkazi wake ukuzima pambuyo.

Pofika masana nkhani inali m'kamwam'kamwa. Kumalo omwera khofi, kupositi, kusitolo ya zitsulo, anthu ankangogwira pakamwa. Ena ankati mkuluyo wazungulira mutu. Abusa, amene amachokera tauni ina chifukwa ife sitingakwanitse kusunga athuathu, anapita kukawaletsa, n'kubwerako atasenza okha thumba la malasha. Amuna angapo anapita kukathandiza, onse a imvi, wina wa ndodo. A Orval anawalola kunyamula malasha ndi kukankha wilibala basi. M'dzenje sankalola munthu. Ankakumba pofewa, akafika pouma n'kutuluka, n'kusonkhanso moto pansi, n'kudikira. Ine ndinkapita ndi msuzi ndi khofi, ndipo tsiku lililonse ndinkawapeza atachepa.

Clifford tinamuika Loweruka. Kuyambira pamene tauniyi inakhazikitsidwa, aka kanali koyamba kuika munthu mu Januwale. Tinaima mozungulira dzenje, nkhope zitakulungidwa, nyimbo ikukanika kutuluka. Makoma a dzenjelo anali owongoka bwinobwino monga mwa masiku onse. Verna sanalire. Ankangoyang'ana a Orval, amene anali atatsamira fosholo chapatali, akupuma ngati athamanga.

Titatha, ndinawatsatira. "Basi tsopano, a Orval. Verna mwam'khutiritsa. Sonkhani moto wa a Arlys."

"Pali Emil."

"Emil alibe munthu. Ndani adzadandaule? Ikani akazi anu, Emil adikire Meyi, palibe amene adzatsegule pakamwa."

"N'chifukwa chake," anatero. "Ndikam'dumpha chifukwa alibe wom'lankhulira, ndiye kuti zaka zonsezi ndimangoopa pakamwa pa anthu."

"Inu mufa, mukudziwa?"

"Ndikudziwa. Ndigwirire tcheniyo."

Ndinafuna kuwamenya ndi fulasiki. Sindinaonepo munthu wa khosi louma chotero, ndipo mpaka lero ndikaganiza ndimakwiya. Koma tcheniyo ndinagwira.

Manda a Emil anavuta. Dzenje litafika m'chiuno kunabwera chimphepo cha chipale chochokera ku Canada, chija chimene munthu suona ngakhale dzanja lako. Masiku awiri palibe anatuluka m'nyumba. Kutacha bwino, dzenje linali litadzaza, nthaka itaumanso, ndipo a Orval anayambiranso. Verna anayamba kutumiza chakudya kudzera mwa ine. Ankandipatsa mbale yokutira n'kunena kuti, "Usanene kuti ndaphika ndine." Yekha kumanda sankapita. Ndinamuuza za mtima wa a Orval, ndipo anakhala pansi pomwepo m'khitchini, thaulo lili m'manja.

"Bwanji sananene?"

"Unawapatsa mpata?"

"Ndipita mawa," anatero. Mawa lake anati mawa.

Emil tinamuika Lachinayi, tili anthu ochepa, ambiri tinapita chifukwa cha wokumba osati womwalirayo. A Orval anakwirira okha mpaka kumapeto. Kenako anakoka thanki kubwerera nayo pamalo a banja lawo. Apa ndiye ndinawaona akumwetulira koyamba chimwalirire a Arlys. Anayala udzu, n'kuthira malasha mosamala, n'kuyatsa.

"Mawa ndiyamba," anandiuza. "Ubwere ndi khofi wambiri. Ndipo ubwere ndi nkhani, Glenda. M'dzenje mumasungulumwitsa popanda wolongolola pamwamba."

M'mawa ndinapita ndi khofi, ndili ndi nkhani zanga zokonzeka. Kapikiapu kawo kanali pageti. Utsi unkatuluka pang'ono m'mbali mwa thanki. A Orval anali atakhala pansi pambali pake, msana atatsamira mulu wa chipale, fosholo ili pamiyendo, magolovesi atavala kale. Ndinawaitana kawiri. Nditawagwira phewa ndinadziwa kuti atisiya, ndipo fulasiki inandipulumuka. Nthaka pansi pa thanki inali itafewa bwinobwino, koma panalibe ndi chizindikiro cha fosholo chimodzi chomwe.

Madzulo ake amuna aja anayesa kukumba manda a a Arlys. Anakumba kufika m'mawondo n'kugunda pouma. Anasonkha moto, koma unangofuka n'kuzima, poti panalibe wodziwa kuyala malasha pansi pa thanki. Wina anayamba kumva kupweteka pachifuwa, akazi awo n'kudzamutenga akukalipa. Usiku kunagwanso chipale, ndipo pofika tsiku la mwambo wa a Orval, kadzenjeko kanali kosaoneka n'komwe. Palibe anatchula za katapila, koma tonse tinkadziwa kuti mu Meyi adzabwera.

Tinaimba opanda limba. Titamwa khofi tinaperekeza bokosi kukanyumba kamiyala. Chitseko chitatseguka, mkati munali mashelefu opanda kanthu ndi bokosi limodzi lokha, la a Arlys, pamene linasiyidwa kuti likhale masiku awiri. Amuna analowetsa la a Orval n'kuliika pambali pake.

Verna anali pafupi nane. Sanalire pamaliro a mwamuna wake. Koma apa anandigwira mkono mwamphamvu mpaka ndinamva kuwawa kupyola chikhoti.

"Glenda, ine sindinanene kuti akumbe," anatero. "Unalipo, unamva. Ndinanena kuti akumbe ine?"

"Sunanene."

"Ndinkangofuna anene kuti pepa. Akanati pepa Verna, ndikanapita kunyumba."