Mchenga wa Che Sumaila

"Iwe wa Fomu 2, tandiuza, chinthu chopanda miyendo chingalondere bwanji nyumba?" Anandifunsa choncho Che Sumaila chaka chatha, 1988, pakhonde la telala ku Area 1, pomwe masiku ano amagulitsa matsache.

Bambowa analondera nyumba ya bwana wina ku Area 10 zaka khumi ndi ziwiri, osasowa ngakhale supuni. Chinsinsi chawo chinali mchenga. Anauthira m'mbali mwa mpanda kuzungulira bwalo lonse, ndipo tsiku lililonse ankausalaza ndi tsache. Akabweranso ankauwerenga: apa padutsa khoswe, apa mphaka wa aneba.

Kenaka bwana anagula alamu. Kunabwera a Nebert, mmisiri wa zamagetsi, n'kukhoma timaso tagalasi toyang'anizana m'ngodya za mpanda. Munthu akadutsa pakati pake, belu linkalira. Bwana anayamba kutengera alendo kumpanda kukatisirira.

"Iyi sigona, sipempha kupita kumaliro," ankatero, Che Sumaila ali pomwepo atagwira geti.

Zaka zonsezo, palibe mlendo anaonetsedwapo mchenga! Kuwonjezera apo, bwana anawalamula Che Sumaila kuti m'mawa uliwonse azipukuta timasoto ndi kansalu. Ankapukuta mtima ukuwawa, ngati mkazi wamkulu wochapira zovala mkazi wamng'ono.

Lachiwiri lina anapeza mchenga walemba: mawondo awiri ndi zikhatho. Wina anali atakwawa pansi pa timaso tija, poti a Nebert anatikhoma pa msinkhu wa m'chiuno. Anangobwera kudzaona njira. Alamu inali zii. Che Sumaila anamwetulira, anasalaza mchenga wawo, n'kutseka pakamwa. "Izinene yokha, si paja sigona."

Lachisanu masana, iwo ali ku mzikiti, wayilesi ndi makina osokera a dona zinatuluka. Belu silinalire, koma mchenga unalembanso mawondo aja.

Bwana atafika, Che Sumaila anawatsogolera kumpanda, akuyenda monyang'wa.

"Taonani mawondo awa, bwana. Mchenga wanga unamuona kale Lachiwiri munthuyu. Nanga chanu chija chinaona chiyani?"

"Lachiwiri?" anatero bwana. "Ndiye inu munauza ndani?"

Ntchito inathera pomwepo. Loweruka Che Sumaila anatuluka pageti atanyamula mphasa ndi tsache lawo. Alamu inatsala.

Mpaka pano, malonda akavuta, amakwera basi kukasuzumira pampandapo.

"Chikadali m'chiuno momwemo, mwanawe," anandiuza akumanga tsache mwaukali. "Ndipo achilembera munthu wina wochipukuta. Ine ndani anandipukutapo?"

Pobwerera kwathu ndinatsimikiza mtima: Lolemba ndipita kwa a Nebert kukapempha ntchito, ndikawauze kuti timaso tawo titsike tifike m'mawondo. Ndikanenanso kuti nzeruyo ndi ya Che Sumaila, ngakhale ndikadakonda ikanakhala yanga.