Chaka Chimene Makobidi a Jeremani Anagwa Mtengo

Ndinali ndi zaka ngati khumi ndi ziwiri pamene nkhondo ya Jeremani inatha, amuna a m'mudzi mwathu, kufupi ndi mtsinje wa Katete, nayamba kubwerera mmodzimmodzi. Anali atapita kukasenza akatundu a asilikali, ntchito ija tinkaitcha ya mtengatenga. Ena sanabwere. Amene anabwera anali mafupa okhaokha, mapazi ong'ambika, koma pafupifupi aliyense anali ndi kathumba kolira m'chiuno. M'menemo munali makobidi a dziko la Jeremani, amene ankawatcha mahela, ena oboola pakati, ena ofiirira, onse okhala ndi malemba achilendo.

Oyamba kufika anachita mwayi. Azungu a ku boma ndi a m'minda ya fodya ankafuna makobidiwo kuti azisunga pokumbukira nkhondo, ndipo ankagula mosanyinyirika. Hela imodzi inkabweretsa nkhuku, ina mpaka nsalu. Mbiri inawanda kufika ku Sinda, moti ngakhale amene sanaione nkhondo anayamba kugula mahela kwa anzawo kuti akagulitse kwa Azungu.

Munthu mmodzi yekha ndiye sanatekeseke, ndipo anali amene tonse tinkayesa kuti athamanga koyamba. Awa anali a Zuze, nkhalamba yosoka mphasa, yochokera cha ku Vubwi, imene inakwatira m'mudzi woyandikana ndi wathu. Pa unyamata wawo anayenda ndi amalonda mpaka ku Tete ndi kunyanja yamchere, ndipo dziko lililonse limene anapondamo ankatengako khobidi limodzi. Sankagulira kanthu. Ankangosunga m'chikopa cha gwape, lililonse lokulungidwa m'kansanza kakekake. Ife ana tikawapempha ankamasula pang'onopang'ono, n'kutionetsa la Apwitikizi, rupiya ya Amwenye, ndi lina la mfumukazi ya masaya onenepa. Ine ankanditcha Tsabola, chifukwa kuyambira ndili wamng'ono mtima wanga ndi wapachala.

Anthu ankawauza kuti, "A Zuze, gulani msanga, mahela atha!"

Iwo ankangopitiriza kusoka. "Bowa wa mvula yoyamba ndiye amadula. Amtengatenga ambiri akadali m'njira."

Ananenadi zoona. Achimwene anga a Yotamu anafika kumapeto kwenikweni, chifukwa anadwala panjira. Atamva kuti kwathu mahela ndi chuma, anasinthanitsa bulangete lawo ndi malipiro awo ambiri ndi thumba lodzaza makobidi. Koma pofika iwo, Azungu anali atakhuta. Mahela anali paliponse. Ana ankaseweretsa pansolo m'malo mwa miyala, atsikana ankamanga oboola aja m'khosi mwa tiana ta mbuzi.

Kenaka kunabwera amesenjala a boma kudzalengeza za msonkho. Anati wolephera kukhoma atengedwa kukalima msewu. Mahela iwo sankalandira, ankafuna masheleni. Achimwene anali akutsokomolabe, miyendo yotupa, osatha ngakhale kufika kudimba osapumira panjira. Tonse pakhomo tinkadziwa, ngakhale panalibe wonena, kuti akapita kumsewu sadzabwerakonso.

Amayi anaganiza kuti Azungu akukana makobidi athu chifukwa anali akuda ndi thukuta ndi dothi la ulendo. Anawatengera kumtsinje, nawakwecha ndi mchenga ndi phulusa monga ankachitira ndi makoza awo a m'manja. Anagwira ntchitoyo mpaka zala kutuluka magazi. Pobwera nawo ankawala ngati maso a mphaka, ndipo tonse tinayamikira. Koma kusitolo ya Mmwenye anangowayang'ana n'kuwakankhira kumbali.

M'mawa wina a Zuze anatulukira ndi kadengu ka mchere paphewa. Anali atayamba kuyenda khomo ndi khomo kugula mahela amene tsopano analibe mwini wowafuna. Amayi anawayalira mphasa, achimwene nakhuthula thumba lija. Nkhalambayo inatola khobidi limodzi, n'kulipendeketsa padzuwa, kenaka inagwira pakamwa.

"Mayi, munawakwecha ndi mchenga?"

"Nanga ndikanagulitsa ndi litsiro lomwe?" anatero amayi.

"Litsirolo ndiye linali mtengo wake. Khobidi si mphika, mayi. Taonani, chisoti cha mfumu yawo chafufutika, malemba atha. Wosunga makobidi amafuna aone zimenezi."

Amayi anabisa manja awo m'nsalu. A Zuze anasanthula mulu wonse, kenaka anati apereka mbale imodzi ya mchere. Mbale imodzi, pa bulangete ndi thukuta la achimwene anga! Ine ndinapsa mtima. Ndinaimirira pamaso pa akulu, chinthu chosachitika.

"Ndinu fisi inu! Munadikira kuti nyama ife yokha kuti mudzatole!"

Amayi anandikoka mwendo kuti ndikhale pansi, koma a Zuze anangoseka mpaka kuonetsa usinini.

"Tsabola wapsa lero. Inde, mdzukulu wanga, ndinadikira. Kudikira si mlandu. Pita ukafunse mudzi wonse ngati alipo wina wopereka mbale ndi theka, ndikusiyira."

Panalibe, ndipo ndinkadziwa. Sanawonjezere ngakhale kambewu kamodzi ka mchere. Achimwene anavomera ndi mutu, maso ali pansi. Mchere sukhoma msonkho, koma unali bwino kuposa zitsulo zopanda ntchito.

Malonda atatha, amayi analowa m'nyumba n'kutuluka ndi khobidi lina limene anali atalisiya patsindwi. Linali lachikasu chakuda, lokhakhala, m'mphepete mwake mosalingana, ngati losulidwa ndi mwana wophunzira kumene. Iwo sanavutike nalo kulikwecha poona kuti linali lonyansa kale. Kwathu wogula sachoka wopanda mbasela, kanthu kowonjezera kochokera kwa wogulitsa, ngakhale malonda atawawa chotani.

"Tengani ndi ili, mbasela yanu," anatero amayi.

A Zuze analilandira ndi manja awiri. Analitembenuza uku ndi uku, osachotsapo maso. Kenaka anafunsa achimwene kumene analipeza. Achimwene anati makobidi a mtundu umenewo anapangidwa nkhondo ili pakati, Ajeremani atasowa ndalama zochokera kwawo, ndipo ankamva kuti ankasungunula mkuwa wa zipolopolo. Anati ngakhale kumeneko anthu ankawanyoza, n'chifukwa chake amtengatenga ambiri sankawatola.

Khobidilo linali kale la a Zuze. Akanangolikulunga m'kansanza, n'kutsanzika, palibe akanadziwa kanthu. Koma analiika pamphasa, pakati pa iwo ndi amayi.

"Ili si la mbasela."

"A Zuze, mbasela sabweza. Mukufuna kutichititsa manyazi?"

"Sindikubweza, mayi, ndikugula. Aliyense wochokera kunkhondo ndamufunsa za khobidi lotere. Ndinaliona kamodzi kokha m'manja mwa msilikali wa ku Mkaika, anandikaniza. Enawa mtengo wawo wagwa chifukwa ali mbwee. Ili silinagwe, chifukwa kulibe. Masheleni ndilibe, koma ndili ndi mbuzi yaikazi, ya mawanga ija."

Amayi anakana kawiri konse. "Anthu adzati tabera nkhalamba. Mbuzi yathunthu pa kachitsulo konyansa?"

"Anthu asiyeni. Ine ndikalitenga ulele, tsiku lililonse pomasula kansanza ndizidzaona miyendo ya mwana wanuyu. Ndiye ndidzalisungiranji?"

Pomaliza amayi anavomera, nandituma ine kuti ndiwaperekeze a Zuze ndikatenge mbuziyo. Panjira ndinali ndi manyazi, koma ukali unali usanathe, choncho ndinawafunsa chifukwa chimene sanawonjezere mchere ngati analidi ndi chifundo.

"Chifundo chanji? Ine ndagula, sindinathandize munthu. Okwechedwa aja mtengo wake ndi mbale imodzi. Ili mtengo wake ndi mbuzi. Ukasakaniza ziwirizi udzakhala wakuba kapena chitsiru."

Titafika, akazi awo atamva nkhaniyo anabuma ngati pagwa maliro. Anawatcha mkamwini wopanda nzeru, wodyetsa banja zitsulo, nawauza kuti akadzamwalira adzawaika m'manda ndi chikopa chawo cha gwapecho. A Zuze anamasula mbuzi mwakachetechete, nandipatsa chingwe, n'kunditsinzinira diso. Ndikuchoka ndinawaona atakhala pakhonde, akung'amba kansanza katsopano, mawu a akazi awo akuwadutsa pamutu ngati mphepo.

Mbuziyo tinagulitsa kwa kapitawo wa kumunda wa fodya, msonkho n'kukhomedwa. Amesenjala atabweranso anatenga amuna angapo, koma pakhomo pathu anangodutsa. Achimwene anachira pang'onopang'ono, ndipo lero ali ndi ana awo, akulima mtedza.

Sukulu ya kumishoni sindinapite nayo patali, mtima wangawu unandichotsako. Tsopano ndimagwira ntchito yogula mtedza pasitolo ina ya m'mbali mwa msewu wa ku boma. Chaka cha zokolola zambiri mtengo umagwa, ndipo azimayi amanditukwana monga ine ndinatukwanira nkhalamba ija. Nthawi zina ndimabweza mawu, sindinama. Koma zimene ndinaona pamphasa paja ndinazimvetsa nditagwira ndekha muyeso. Kugula motchipa zinthu zikachuluka si kuba, aliyense amaona ndi maso ake kuti zachuluka. Kuba kumayamba pamene wogula wadziwa chinthu chimene wogulitsa sakudziwa, n'kutseka pakamwa. Mayi akabwera ndi mtedza wosankhidwa bwino, iye osazindikira kuti ndi woyenera mtengo wapamwamba, pamakhala kanthawi kochepa pamene ndimadziwa ndine ndekha. Pa kanthawi kameneko m'pamene ndimayesedwa ine, osati mtedzawo.