Chipewa Changa pa Maliro a Amalume

Ndinadzuka kusanache, amayi a kutchalitchi akuimbabe motsitsa m'chipinda chochezera. Panja pa nyumba yathu ku Kabwata azibambo anali atazungulira moto wotsala makala okha. Ndinasamba, ndinadzola mafuta oteteza khungu kumaso, m'makutu ndi m'khosi, ndinavala bulauzi ya manja aatali ndi chitenje. Pomaliza ndinavala chipewa changa chotambalala.

Tsikulo tinkaika amalume, mlongo wawo wa amayi anga. Anali achialubino ngati ine. Zaka zambiri ankapakira matumba a simenti m'malole ku Heavy Industrial Area, mutu uli pamtunda, dzuwa lonse likuthera pa iwo. Kachilonda kanayamba pakhutu. Abale anati alodzedwa. Pamene ankafika kuchipatala, adokotala anati ndi khansa ya pakhungu ndipo yalowa kale m'khosi.

Dzuwa litakwera, anthu anali atadzaza mpaka mumsewu. Ena sitinkawadziwa n'komwe. Anabwera kudzaona nkhope, chifukwa anamva kuti achialubino safa, amangosowa. Ndinaima pambali pa bokosi kuti ationere limodzi.

Tikukwera basi yopita kumanda, amayi aakulu a ku Chelstone, akulu awo a amayi anga, anandigwira mkono.

"Iwe, chotsa chisote ico. Pa malilo mkazi avala duku. Ufuna kutichititsa manyazi?"

"Amama, duku siphimba makutu."

"Lelo chabe. Suzafa na dzuwa la tsiku limodzi."

Ndinawauza kuti amalume nawonso ankati lero lokha. Anandisiya mkono, osandiyang'ananso.

Kumanda tinafika masana. Unali mwezi wa Okutobala, kumwamba kulibe kamtambo ngakhale kamodzi. Tenti inali ya abusa ndi akuluakulu a mpingo. Ife achibale achikazi tinakhala pansi pafupi ndi dzenje, dothi likuotcha kupyola chitenje. Ulaliki unatalika. Kumbuyo kwanga mayi wina ananong'oneza mnzake kuti ana a sukulu amadziyesa azungu. Ndinamva, ndipo ndinakokera chipewa kutsogolo.

Nthawi yoika nkhata itakwana, bambo woyendetsa mwambo anaitana ana a mlongo wa malemu. Atandiona analoza mutu wake, kundiuza kuti ndivule. Koma ndinayenda choncho pamaso pa anthu onse, ndinagwada, ndinaika duwa langa. Ndinalira kwambiri. Sindinanyoze amalume. Ndikanavula, ndiye ndikanakhala ngati sindinaone chimene chinawapha.

Madzulo anthu anabalalika. Amayi aakulu anapita osanditsanzika. M'chipinda chochezera munalibe mipando, munatsala mphasa ndi makapu osatsuka. Amayi anga anakhala pansi atatsamira khoma, mawu atawathera ndi kulira. Anandikodola, ndipo ndinadziwa kuti tsopano ndikalipiridwa.

Anandigwira chibwano, kunditembenuzira kuwindo. Anayang'ana kuseri kwa khutu lina, kenako linalo, kenako m'khosi. Anachedwa pamenepo.

"Mawa akulu anga akubwera ndi lumo," anatero ndi mawu osasa. "Abale tonse timetedwa mpala, ndi mwambo wa kwathu. Ine ndimetedwa. Iwe tsitsi lako likhala, dzuwa lisakupeze pamutu. Wofunsa adzafunse ine."