Amene Ankamwa Madzi a M'dziwe la Adona

Ndili folomu 2 tinkakhala ku Area 10, kuseri kwa imodzi mwa nyumba zikuluzikulu zija, mu boyizikota ya zipinda ziwiri. Bambo anga ankasamalira maluwa pamenepo. Anzanga kusukulu ndinkangowauza kuti ndimakhala ku 10, n'kusiyira pomwepo, chifukwa silinali bodza.

Kutsogolo kwa nyumba ya mabwana kunali kadziwe ka simenti kofika m'chiuno mwa munthu wamkulu. Munali nsomba zofiira ndi zamawangamawanga zimene adona, akazi a abwana, ankazikonda kwambiri. Mayi anga sankamvetsa. "Nsomba yonona chonchi, ntchito yake kungoiyang'ana?" ankatero chapansipansi podutsa.

Chilimwe cha chaka chimenecho mipopi inkauma pafupipafupi, ndipo madzi a m'dziwe anayamba kutsika. Adona anaitana bambo. Ine ndinali pansi pa mtengo wa gwafa, buku lili m'manja, makutu ali kwina.

"Agadeni, madzi angawa akupita kuti?"

"Mwina ndi dzuwa, adona."

"Dzuwa lake la pakhomo pano pokha? Nanga zovala zili pachingwe kwanuko, akazi anu achapira chiyani?"

Mayi ankasunga madzi m'zigubu mpopi ukangotulutsa, koma adona sanafune kumva zimenezo. "Ndiitana mmisiri amate dziwe lonseli," anatero. "Akamata, madzi n'kumatsikabe, ndidziwa kuti vuto si simenti. Pamenepo mudzakafune kwina kokhala."

Wotunga madziwo tinkamudziwa tonse. Anali abwana. Anali atagula galimoto yatsopano imene sankalola munthu aliyense kuikhudza, ndipo adona anali ataletsa kutsukira galimoto madzi a m'thanki. Ndiye m'mamawa, adona asanadzuke, abwana ankatuluka atamanga thawulo, patapata kuphazi, n'kumatunga m'dziwe ndi ndowa. Alonda ankawaona. Bambo ankawaona. Inenso ndinkawaona, chifukwa nthawi imeneyo ndi imene ndinkawerenga panja.

"Bwanji osangonena?" ndinawafunsa bambo.

"Mwana iwe, ukaneneza mwamuna kwa mkazi wake, madzulo eni ake amagwirizana, m'mawa iwe uli pamsewu ndi mphasa yako."

Bambo anayesako kulankhula ndi abwana mozungulira. "Abwana, nkhani ya madzi ija yatiipira."

"Musadandaule, agadeni, ndiikonza," anayankha abwana. Kutacha anatulukanso ndi ndowa.

Mmisiri anachokera ku Old Town, kufupi ndi msika. Anali bambo wachikulire wa ndevu zoyera ndi kachisoti kumutu, amene ntchito yake ya masiku onse inali kumata mathanki a madzi ndi mabampala a galimoto. Anabwera ndi zitini za guluu ndi mpukutu wa nsalu yoyera ya ulusi wonyezimira imene ankaitcha faiba.

Choyamba nsomba zinayenera kusamuka. Adona anayang'ana uku ndi uku, n'kuona bafa lathu lalikulu lachitsulo.

"Madzi awo akuti timaba, koma nsomba zawo zikagone kwathu," anatero mayi titalowa m'nyumba.

Sabata yonseyo tinkasambira m'kandowa, alendo ofiirawo akusambira m'bafa lathu pakhonde. Ndinkawaphimba ndi chitenje dzuwa likakwera, ndipo ndinkawalankhula pang'ono ndikakhala ndekha. Kulankhula ndi nsomba sikunkandivuta ngati kulankhula ndi anthu.

Dziwe litauma, amisiri analipala ndi bulashi ya waya mpaka simenti inayera. Mng'alu anaupezadi, woonda ngati ulusi. "Ndi uwu, adona," anatero. "Umadontha ndithu, koma ndi kamwana, sikangamalize madzi onse aja." Anayang'ana bambo. Bambo anayang'ana maluwa.

Anatseka mng'aluwo, n'kupaka guluu pansi ponse ndi m'makoma. Kenako ankayala faiba chidutswachidutswa, n'kumaidinda ndi bulashi yonyowa guluu mpaka kuyera kwake kutatha, simenti n'kumaonekera mkati. Fungo lake linkafika mpaka kwathu. Ine ndinatola kachidutswa kuti ndikaonetse anzanga, n'kukabisa m'thumba la yunifolomu. Tsiku lonse ndinkadzikanda m'kalasi ngati ndagudubuzika m'chitedze, ndipo sindinaonetse aliyense.

Lachisanu masana amisiri anasamba m'manja kuti apite kumzikiti. "Munthu asapondemo, galu asapondemo," anatero. "Mawa ndipaka utoto, Insha Allah."

Utotowo unali wabuluu, wosalala ngati mbale. Adona anati upakidwe mpaka pamwamba pa khoma, m'mphepete monse, kuti pazioneka ngati kuhotela. Utauma, amisiri anatsuka dziwe mobwerezabwereza kuti fungo lisaphe nsomba. Mpopi unatulutsa, dziwe linadzaza, alendo athu anabwerera kwawo. Adona anagwada n'kulemba kamzere ndi utoto wa zikhadabo pomwe madzi analekezera.

"Mawa ndidzaona," anatero, osayang'ana munthu.

Madzulo amenewo mayi anayamba kulongedza mbale m'katoni. Sanalire, koma ankaziika pang'onopang'ono kwambiri. Ine ndinkaganiza za sukulu yanga, ndi kuti tikabwerera kumudzi sindidzaipitiriza. Ndinatsimikiza mtima kuti m'mawa ndilankhula ndi abwana. Mawu ake ndinawakonza bwinobwino: "Abwana, chonde, lero lokha musatunge."

Kutacha ndinakhala pansi pa gwafa. Chitseko chinatseguka, abwana anatuluka, thawulo m'chiuno, ndowa m'manja. Ndinaimirira. Ndinatsegula pakamwa.

"Mwadzuka bwanji, abwana?"

Ndi zokhazo zimene zinatuluka.

"Ndadzuka, mwana wa sukulu," anayankha mosangalala. Anaika phazi pakhoma la dziwe, pomwe ankaponda masiku onse, n'kuwerama. Koma simenti yokhakhala ija panalibenso, panali faiba yonyowa ndi mame. Patapata inatsetsereka. Phava!

Thawulo linayandama kwake, patapata kwake. Abwana anavuuka akutsokomola, n'kugwira khoma kuti atuluke, koma manja anaterereka, n'kubwereramo. Anayesa ndi bondo, chimodzimodzi. Nsomba zinkangowazungulira. Alonda anatembenukira kugeti, mapewa akugwedezeka. Ine ndinaphimba nkhope ndi buku, ngakhale kuti sindinaiphimbe yonse.

Bambo anathamanga ndi kansalu kophimbira mbande ndi mpini wa leki yokokolera masamba. Anapereka mpiniwo maso ali kumwamba, ngati akuyang'ana mvula.

Adona anatuluka atafunda chitenje. Anayang'ana ndowa imene inkayandama, anayang'ana galimoto, sopo ndi siponji zili pambali pake. Kenako anayang'ana amuna awo.

"Adadi, ndowayo ndi ya chiyani?"

"Ndimafuna kuona ngati faibayi yagwira."

"Ndiye yagwira?"

"Yagwira."

"Masiku onse aja munkaonanso chiyani?"

Abwana analowa m'nyumba atadzikulunga ndi kansalu ka mbande, madzi akuchucha. Zimene zinalankhulidwa m'katimo tinangomva mbali ya adona, ndipo inali yaitali.

Adona sanapepese. Masana anabwera kwathu, n'kuima pakhomo nati, "Odi." Kuyambira pamene tinafika pamalopo anali asanaodirepo. Mayi anawapatsa kampando, iwo n'kukhala. Anafunsa za sukulu yanga, anayamikira mmene bafa lathu linasungira nsomba, kenako maso awo anagwera pa katoni ija.

"Mayi, mbalezi bwanji? Zibwezereni, zingasweke."

"Ndimangozipukuta fumbi, adona," anatero mayi.

Adona atachoka, mayi anandipatsa mbale imodziimodzi kuti ndiike pashelefu. Tili pakati anayamba kuseka, mpaka anakhala pansi, ndipo zotsalazo ndinamaliza ndekha.