Njoka ya pa Chipepala cha Aphunzitsi

Pakhoma la kalasi yathu ku Mitande panali chipepala chachikulu cha zithunzi za njoka, chodyedwa ndi chiswe m'munsi. Kaya aphunzitsi anachitenga kuti. Tinali titangobwerako ku Malawi, Chipwitikizi chimene ankaphunzitsira chinkangondidutsa m'makutu, ndiye ndinkaphunzira ndi maso.

Imene ndinkaikonda inali yaifupi, yonenepa, yamawangamawanga, mchira wobuntha ngati mutu. Aphunzitsi anatimasulira m'Chinyanja kuti imeneyo ndi ya m'chipululu, imadzikwirira mumchenga n'kungotulutsa maso, ndipo ilibe ululu. Pambali pake panali kamapu kopakidwa zofiira apa ndi apo, koma sindinakalabadire. Ndinali kamtsikana kodzimva, nzeru zake zongotola dzulo.

Chilimwe chimenecho mtsinje unaphwa. Madzi tinkachita kufukula mumchenga, kudikira kuti akhe, n'kumatunga ndi chikho pang'onopang'ono. Amayi ankatuma ine ndi mng'ono wanga, ndipo lamulo lawo linali limodzi: njoka ndi njoka, mukaiona bwererani.

Tsiku lina masana tinaipeza pafupi ndi dzenje lathu, yaifupi, yonenepa, theka lili mumchenga. Mng'ono wanga anayamba kubwerera chafutambuyo. Ine ndinamuseka.

"Iyi siluma, ndi ya pachipepala ija. Pita ukatunge."

Anapita, poti wamkulu ndinali ine. Inali mphiri.

Amalume, amene ankadula nsungwi chapafupi, anamva kukuwa, n'kudzamunyamula kuthamangira naye ku njinga. Ndinatsala ndekha. Ndimakumbukira mchenga ukuotcha kumapazi, ndi chikho chili chafufumimba. Sindinalire, sindinamvenso mantha. Njoka itachoka ndinadzaza ndowa yanga n'kukatula kunyumba, kenako ndinabwerera kukatenga yake.

Kuchipatala anamudula mwendo m'munsi mwa bondo. Atabwerako, amayi anamufunsa kuti zinatheka bwanji, mwana womvera ngati iye. Anayankha kuti sanaione. Lero ali ndi ana atatu, ndipo akamufunsa amayankhabe chomwecho. Ine sindinamutsutsepo.

Mvula isanagwe ndinabwerera kusukulu. Ndinkakhala pansi pa chipepala chija, kuyang'anitsitsa chithunzicho, kufunafuna pamene chinandinamiza. Sichinaname. Sindinkadziwa kuwerenga mapu, ndiye sindinazindikire kuti zofiira zija zinkasonyeza kumene njokayo imakhala. Zinathera kutali kumpoto. Pamene panali kwathu panali poyera.